“Zili pa webusaiti”: njira yaulemu yomana anthu chidziwitso

Pali yankho limene lafala m'maofesi a boma, m'mabungwe ndi m'makampani kuyambira ku Lilongwe, Lusaka, Tete mpaka ku Harare. Munthu akafunsa za fomu, za mtengo wa chiphaso, za tsiku lotsekera kulandira makalata ofunsira ntchito kapena za momwe khonsolo yagwiritsira ntchito ndalama, amauzidwa mwaulemu kuti zonsezo zili pa webusaiti. Wofunsayo amachoka ali chete, pakuti yankholo silisiya mpata wodandaulira. Sanamukanize, sanamulalatire, sanamupemphe kangachepe. Koma akagula bandulo ya intaneti n'kutsegula tsambalo, amalonjeredwa ndi chithunzi cha mkulu wa bungwelo akudula riboni, mawu a masomphenya, ndi mbiri ya nthambi iliyonse. Bandulo imatha funso lake lisanayankhidwe.

Chidziwitso chimene munthu sangachipeze n'chimodzimodzi ndi chobisidwa. Amene wachiika pamalo posapezeka ali ndi mlandu wofanana ndi wa amene wachitsekera m'kabati. Kusiyana kwawo n'kwakuti wa m'kabati amadziwika kuti wakana, pamene mnzakeyo amaomberedwa m'manja kuti amachita zinthu poyera. Choncho kasanjidwe ka chidziwitso pa webusaiti ndi m'makompyuta a mu ofesi si nkhani yosiyira mnyamata wa makompyuta kuti aikongoletse. Ndi nkhani ya ulamuliro, ndipo woyenera kuyankhapo ndi mwini mpando.

Maiko a chigawo chino anavutikira malamulo opatsa nzika ufulu wopeza chidziwitso. South Africa inakhazikitsa lamulo lake mu 2000, Mozambique mu 2014, Zimbabwe inaika latsopano m'malo mwa lakale mu 2020, ndipo ku Zambia Pulezidenti Hakainde Hichilema anasainira lamulo lotere mu Disembala 2023. Ku Malawi ufuluwu unalembedwa kale m'gawo 37 la malamulo aakulu a dziko, komabe atolankhani ndi mabungwe monga MISA Malawi anachita kuulirira kwa zaka zoposa khumi. Nyumba ya Malamulo inavomereza bilu yake mu Disembala 2016, mtsogoleri wa dziko anaisainira mu Febuluwale 2017, koma lamulolo linadzayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Mwa zina, limafuna kuti mabungwe akhale ndi munthu woyang'anira zopereka chidziwitso ndiponso kuti zinthu zina azizilengeza okha asanafunsidwe.

Tsono lamulo lingalamule kuti chikalata chitulutsidwe, koma silifika pouza ofesi kuti chikalatacho chikhale pati, chitchedwe dzina lotani ndi kuti chilemere motani pochitsitsa. Ofesi ingathe kujambula lipoti la masamba 200 lili chopendekera, kulipatsa dzina la manambala okhaokha, kuliika pansi pa mindandanda isanu, n'kunena mosanama kuti yatsatira lamulo. Chitseko chimene anthu anachigogoda zaka zonsezo chatsegulidwa ndithu, koma kuseri kwake kuli nkhalango yopanda njira. Ufulu umene unapezeka m'Nyumba ya Malamulo ukuthera pa sikirini ya foni.

Amene akuganiza kuti kuika chinthu pa intaneti ndiko kudziwitsa anthu aone zimene zinachitikira World Bank. Mu 2014 akatswiri awiri a bankiyo, Doerte Doemeland ndi James Trevino, anafufuza malipoti ake a ndondomeko za chitukuko oposa 1,600 amene anatuluka pakati pa 2008 ndi 2012. Anapeza kuti malipoti 31 pa 100 alionse anali asanatsitsidwepo ngakhale kamodzi, ndipo pafupifupi 87 pa 100 anali asanatchulidwepo m'zolemba za ofufuza ena. Amene anatsitsidwa maulendo 250 kapena kuposerapo anali 13 okha pa 100. N'zoona kuti ena mwa malipotiwo ankafika kwa eni ake kudzera m'njira zina, monga kuwapereka pamanja kwa akuluakulu a boma. Komabe bungweli lili ndi ndalama, akatswiri ndi dzina lodziwika padziko lonse. Ngati pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malipoti ake linagona pa webusaiti osakhudzidwa, nanga lipoti la khonsolo ya kumudzi lojambulidwa chopendekera lija aliwerenga ndani?

Gwero la vutoli linafotokozedwa webusaiti yoyamba isanabadwe. Mu 1968 katswiri wa makompyuta Melvin Conway analemba m'magazini ya Datamation kuti bungwe likamapanga chinthu, chinthucho chimatengera momwe anthu a m'bungwelo amalumikizirana. Mawebusaiti ambiri a maofesi ndi umboni wa zimenezi. Pamwamba pali nduna kapena mkulu wa kampani, pansi pake mlembi wamkulu, kenako nthambi iliyonse ndi kachipinda kake, monga momwe maudindo alili pa tchati chopachikidwa kukhoma. Mkulu wa nthambi iliyonse amalimbirana kuti dzina la nthambi yake lioneke patsamba loyamba, ndipo wopanga webusaiti, pofuna kuti cheke chake chisainidwe, amakondweretsa onse. Munthu mmodzi yekha ndiye sakhala nawo pa msonkhano wovomereza webusaitiyo, ndipo ndi amene adzaigwiritse ntchito.

Munthu ameneyu sadziwa mayina a nthambi, ndipo palibe chifukwa choti awadziwire. Mayi amene mwamuna wake wamwalira sabwera ndi dzina la dipatimenti. Amabwera ndi funso: ndalama za malemu azipeza bwanji, atenge makalata ati, apite kuti, ndipo zitenga nthawi yaitali bwanji. Pamsika uliwonse tomato amakhala kwa tomato, nsomba kwa nsomba, kaunjika kwa kaunjika, chifukwa msika umasanjidwa motsatira zimene wogula wadzera. Msika utasanjidwa motsatira midzi imene ogulitsa amachokera, wofuna usipa angayambe wafufuza kwawo kwa wogulitsa usipa, ndipo msika woterowo sungathe sabata. Webusaiti ya ofesi imakhala zaka ili choncho chifukwa nzika ilibe ofesi ina yothawirako.

Luso losanja chidziwitso si lachilendo ayi. Eni ake enieni ndi anthu a m'malaibulale. Mu 1931 S. R. Ranganathan wa ku India anasindikiza malamulo asanu a ntchito ya laibulale, ndipo lachinayi limakhudza kusamutayitsa nthawi wowerenga. Mu 1976 Richard Saul Wurman, amene anaphunzira ntchito yojambula mapulani a nyumba, anafalitsa ganizo lakuti chidziwitso nachonso chimafuna mmisiri wochikonzera pulani monga nyumba. Mu 1998 Louis Rosenfeld ndi Peter Morville, onse awiri ophunzira za malaibulale ku University of Michigan, anatulutsa buku lotchedwa Information Architecture for the World Wide Web, limene linaika lusoli m'manja mwa opanga mawebusaiti. Mfundo zake n'zosavuta kumva: zinthu zigawidwe m'magulu omveka kwa wofunafuna, zitchedwe mayina amene iye amawadziwa, pakhale njira yoonekeratu yochokera apa kupita apo, ndipo malo ofufuzira azibweza zimene zafunsidwa. Chodabwitsa n'chakuti mabungwe ambiri ali ndi anthu ophunzira za malaibulale ndi kasungidwe ka mafayilo, koma pokonza webusaiti saitanidwa.

Momwe anthu amawerengera pa sikirini namonso munafufuzidwa kalekale. Mu 1997 Jakob Nielsen ndi John Morkes anapeza kuti mwa anthu amene anawayesa, 79 pa 100 ankangoyendetsa maso patsamba kusaka mawu amene akuwafuna, ndipo 16 okha pa 100 ndiwo ankawerenga liwu ndi liwu. Mu 2003 Nielsen yemweyo anachenjeza kuti PDF ndi yabwino posindikiza pa pepala koma ndi yozunza powerengera pa sikirini. Nthawi imeneyo ankanena za makompyuta a sikirini zazikulu. Kuno anthu ambiri amalowa pa intaneti ndi foni ya m'manja, ndipo tsamba la PDF lokonzedwera pepala la A4 limawakakamiza kukulitsa zilembo ndi zala, kukokera kumanja, kubwerera kumanzere, mzere ndi mzere. PDF yojambulidwa ndiye yoipitsitsa, chifukwa ndi chithunzi chabe. Mawu ake safufuzika, sakopereka, ndipo pulogalamu yowerengera anthu osaona imangokhala duu. Munthu amalipira bandulo kutsitsa masamba 200 pamene ankafuna mzere umodzi wonena kuti fomu ndi ndalama zingati.

Pali dziko limene linadwala nthenda yomweyi n'kuyesa kuichiza, ndipo zimene linachita n'zolembedwa poyera. Pofika 2010 boma la Britain linali ndi mawebusaiti mazanamazana, unduna uliwonse ndi nthambi iliyonse yakeyake. Chaka chimenecho Martha Lane Fox, amene anatchuka poyambitsa nawo kampani ya lastminute.com, analembera nduna Francis Maude lipoti lonena kuti kukonzako pang'onopang'ono sikungathandize. Anapempha kuti boma lonse likhale ndi khomo limodzi pa intaneti, ndiponso kuti pakhale gulu limodzi lokhala ndi mphamvu zokanira ngakhale unduna pa zimene ziikidwe pakhomopo. Mu 2011 kunakhazikitsidwa Government Digital Service motsogozedwa ndi Mike Bracken, ndipo pa 17 Okutobala 2012 webusaiti ya GOV.UK inayamba kugwira ntchito m'malo mwa Directgov ndi Business Link. Mu 2013 maunduna onse 24 anali atasamukirako, ndipo pakutha kwa 2014 mabungwe a boma oposa 300 anali atatseka mawebusaiti awo n'kulowa m'khomo lomwelo.

Chofunika kuchiona si kukongola kwa GOV.UK, pakuti ndi tsamba la zilembo zakuda pa malo oyera, lopanda zithunzi zothamanga. Chofunika ndi lamulo limene analitsata: tsamba lililonse liyambe ndi chosowa cha munthu, ndipo chosowacho chilembedwe momveka kuti ndani akufuna kuchita chiyani ndi chifukwa chake. Tsamba lopanda chosowa chotere linkakanidwa ngakhale litachokera kwa mkulu. Zinthu anazigawa motsatira moyo wa munthu: kubadwa, imfa ndi ukwati pamodzi, kuyendetsa galimoto ndi maulendo, ndalama ndi misonkho, mapasipoti, ntchito ndi penshoni. Ntchito za boma anazitcha mayina onena chimene munthu akufuna kuchita, monga kulembetsa m'kaundula wa voti kapena kulipira msonkho wa galimoto, m'malo mwa nambala ya fomu. Olemba, motsogozedwa ndi Sarah Richards, anauzidwa kulemba mawu oti mwana wa zaka 9 angawawerenge, podziwa kuti ngakhale loya akakhala pa changu amakonda chiganizo chachifupi. Tsamba la masiku a tchuthi limayamba ndi tsiku la tchuthi likubweralo m'zilembo zazikulu, chifukwa ndilo funso la anthu ambiri, ndipo mndandanda wa chaka chonse umadza pambuyo. Mu 2013 webusaitiyi inapambana mphoto ya Design of the Year ya Design Museum ku London, ndipo mu 2018 Government Digital Service inalengeza kuti zolemba za boma ziziikidwa ngati masamba a webusaiti, PDF ikhale yosowa.

GOV.UK si paradaiso. Akatswiri ena anadandaula kuti kufupikitsa kunataya mfundo zimene iwo ankazifuna, ndipo masamba achulukanso kwambiri m'zaka zapitazi. Komanso tsamba lomveka silisandutsa lamulo louma kukhala lachifundo. Amalawi, anthu a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe amene anafunsirapo viza ya ku Britain akudziwa kuti mtengo wake sutsika chifukwa choti walembedwa bwino. Koma akudziwanso kuti munthu amauona mtengowo, makalata ofunika ndi nthawi yodikira asanagulitse ng'ombe ya bambo ake. Boma louza munthu zoona zowawa momveka lamulemekeza kuposa limene limamusocheretsa mokoma.

Nthendayi siithera pa webusaiti yoonekera kunja. M'kati mwa ofesi ndimo yakula. Mu 1959 Peter Drucker analemba za mtundu wa antchito amene chida chawo chachikulu ndi zimene akudziwa, ndipo lero akalaliki, owerengera ndalama, aphunzitsi, anamwino olemba malipoti ndi alangizi a zaulimi onse ali m'gulu limeneli. Wantchito wotere akasowa chikalata ali ngati mlimi wosowa khasu m'mawa wa mvula yoyamba. Ofesi yakale inkadziwa zimenezi, n'chifukwa chake inali ndi rejisitire. Fayilo iliyonse inali ndi nambala ndi mutu, kalata iliyonse m'fayilomo inali ndi nambala yake, ndipo kalaliki ankalemba m'buku amene watenga fayilo ndi tsiku limene waitenga. Mafayilo ankasowa ndithu, nthawi zina mwadala, koma kusowako kunkadziwika chifukwa panali malo amene fayiloyo inkayenera kukhala.

Makompyuta atabwera, maofesi ambiri anagula makina n'kutaya mwambo. Aliyense anasanduka rejisitire payekha. Chikalata chimodzi chili pa laputopu ya wachiwiri kwa bwana, china pa fulashi ya mlembi, china mu imelo ya munthu amene anapuma ntchito chaka chatha, china pa gulu la WhatsApp pakati pa mauthenga a maliro ndi mavesi a m'mawa. Mayina ake ndi “lipoti lomaliza”, “lipoti lomaliza 2” ndi “lomaliza lenileni”, ndipo palibe angalumbire kuti bwana anasainira liti mwa atatuwa. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga mapanga asanu? Wantchito watsopano amatha miyezi akupemphetsa mafayilo kwa anzake ngati akupempha mchere, ndipo wakale akachoka, nzeru za ofesi zimatuluka naye pa geti. Nthawi yotayikayi siilembedwa m'buku lililonse la ndalama, n'chifukwa chake palibe amene amaimbidwa nayo mlandu.

Nthawi zina mtengo wa chisokonezo chotere umaonekera poyera. Pa 11 Ogasiti 2020 banki ya Citibank inkafuna kulipira chiwongoladzanja cha madola pafupifupi 7.8 miliyoni kwa amene anakongoza ndalama kampani ya zodzoladzola ya Revlon. Pa malipiro a mtundu umenewo, pulogalamu ya Flexcube inkafuna kuti wantchito alembe ngati kuti ngongole yonse ikubwezedwa, kenako ndalama za ngongoleyo azilozetse ku akaunti ya m'banki momwemo kuti zisatuluke. Kuti zitero pankafunika kuchonga timabokosi titatu. Wantchito anachonga kamodzi, kamene dzina lake linkaoneka kuti ndiko koyenera. Anthu ena awiri anaunika n'kuvomereza. Chenjezo linaoneka pa sikirini lonena kuti ndalama zituluka m'banki, koma silinatchule kuti ndi zingati. Zimene zinatuluka ndi madola pafupifupi 900 miliyoni a bankiyo. Ena anabweza, koma ena anakana ndi madola pafupifupi 500 miliyoni, ndipo mu Febuluwale 2021 woweruza Jesse Furman wa ku New York anagamula kuti asabweze. Bankiyo inadzapulumuka mu Seputembala 2022 khothi la apilo litasintha chigamulocho. Anthu atatu odziwa ntchito atalakwitsa chinthu chimodzi mofanana, wolakwa wamkulu ndi sikirini imene onse atatu anaiwerenga. Ngati mayina osamveka a timabokosi anagwetsa banki ya ku New York, ofesi ya malipiro a aphunzitsi kapena ya mankhwala a m'zipatala isadzinamize kuti ili pabwino.

Oteteza chisokonezochi ali ndi zifukwa zawo, ndipo choyamba n'chakuti anthu a kuno sadziwa makompyuta. Ichi n'chipongwe, ndipo umboni wochitsutsa uli m'thumba la aliyense. Gogo wa ku Ntchisi amene sanakhalepo pa kompyuta amaimba *211# ya Airtel Money kapena *444# ya TNM Mpamba, n'kulandira ndalama zochokera kwa mdzukulu wake, kugula mayunitsi ndi kulipira ngongole, pa foni ya mabatani. Amatha chifukwa uthenga wa USSD sungapitirire zilembo 182, choncho okonza mindandandayo analibe malo oikamo chithunzi cha bwana kapena masomphenya a kampani. Anakakamizika kufunsa chimene munthu wadzera, kuchiika pa nambala 1, chotsatira pa nambala 2. Anachitanso khama chifukwa kasitomala akasokonezeka kampani imataya ndalama tsiku lomwelo. Munthu yemweyo amene amayenda bwinobwino m'mindandanda ya ndalama akasochera pa webusaiti ya ofesi, umbuli suli mwa iye.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti Britain ndi dziko lolemera ndipo kuno kulibe ndalama zoterozo. Koma mbali yodula ya webusaiti, monga makina, kontrakitala ndi mwambo wotsegulira ku hotela, maofesi amalipira kale. Mbali imene ikusowayo ndiyo yotsika mtengo. Mu 2000 Nielsen anasonyeza kuti kuyesa tsamba ndi anthu asanu okha kumavumbula pafupifupi 85 pa 100 ya mavuto ake. Anthu asanuwo ali pa benchi panja pa ofesi tsiku lililonse, akudikira. Pali njira inanso yakale: kulemba ntchito zonse za ofesi pa timakadi, kupatsa anthu wamba kuti atiunjike m'magulu momwe iwo akuonera, n'kutcha gulu lililonse dzina. Zofunika ndi katoni, lumo ndi cholembera. Ndiponso mlonda wa pa geti ndi mlembi wa pa khomo amadziwa pamtima mafunso khumi amene anthu amafunsa kawirikawiri. Mafunso khumi amenewo ndiwo tsamba loyamba la webusaiti, ndipo kuwalemba sikufuna thandizo la maiko akunja. Chimene Britain inali nacho choposa ndalama ndi nduna imene inalola kuti maunduna anzake akanizidwe.

Chifukwa chachitatu ndi chatsopano: akuti posachedwa mapulogalamu a AI aziyankha mafunso onse, choncho kusanja n'kutaya nthawi. Koma pulogalamu yotere imatunga m'chitsime chimene yapatsidwa. Ikapeza mitengo itatu yosiyana ya chiphaso chimodzi, m'zikalata zitatu zopanda madeti, idzasankha umodzi n'kuunena molimba mtima. Mu Febuluwale 2024 bwalo lina la milandu ing'onoing'ono ku British Columbia, m'dziko la Canada, linalamula kampani ya ndege ya Air Canada kulipira munthu amene pulogalamu yoyankha mafunso ya pa webusaiti yake inamuuza zolakwika za mtengo wotsika wa opita kumaliro. Kampaniyo inadziteteza ponena kuti zoona zake zinali pa tsamba lina la webusaiti yomweyo. Bwalolo linakana, ponena kuti si udindo wa kasitomala kuyerekeza mbali imodzi ya webusaiti ndi inzake kuti adziwe yonena zoona. Chigamulo chimenechi chikuyenera kupachikidwa m'ofesi iliyonse imene imayankha anthu kuti zili pa webusaiti.

Pali chifukwa chachinayi chimene sichinenedwa pa msonkhano. Chisokonezo chili ndi odyerapo. Pamene mtengo weniweni wa chiphaso sudziwika, pamabadwa mtengo wachiwiri. Pamene mndandanda wa makalata ofunika supezeka, pamamera madobadoba odziwa khomo loyenera, ndipo ena a m'kati amagawana nawo. Pamene chikalata cha tenda chaikidwa pakona posaoneka kutatsala masiku awiri, amene anauzidwa kale pa foni ndiye amapambana, ndipo ofesi imakhala ndi umboni woti inalengeza. Sikuti webusaiti iliyonse yosokoneza inapangidwa ndi cholinga choipa, pakuti zambiri zimangochokera ku ulesi ndi kukonda maudindo. Koma mkulu amene wauzidwa kuti anthu akusochera, iye n'kusiya zinthu zili chomwecho chaka ndi chaka, wasankha mbali. Amati safunsa anadya phula, koma mwambiwu umayenda pamene pali wofunsidwa. Pa webusaiti yopanda nambala ya foni yoyankhidwa, munthu amadya phula atafunsa.

Chinenero nacho ndi mbali ya kasanjidwe. Lamulo la ku South Africa la mu 2000 lija limafuna kuti bungwe la boma lilembe kabuku kofotokoza momwe munthu angapezere chidziwitso chake m'zinenero zovomerezeka zosachepera zitatu. Kwina konseku masamba ambiri ali m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi chokha, ndiponso cha maloya. Palibe akupempha kuti lipoti lililonse limasuliridwe. Koma mafunso khumi aja, okhudza mtengo, makalata ofunika, malo ndi nthawi, angalembedwe m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chibemba kapena m'Chishona pa tsiku limodzi, ndi anthu amene ali kale pa malipiro. Mawu a pa batani akhale amene anthu amanena pa mzere, osati amene ali m'buku la malamulo.

Zoyenera kuchita n'zodziwika. Chidziwitso chilichonse chikhale ndi malo amodzi, mwini wake wodziwika ndi udindo, ndi deti limene chinaunikidwa komaliza. Chimene chatha ntchito chichotsedwe pamaso pa anthu n'kusungidwa kosungira zakale. Mitengo, masiku ndi makalata ofunika zilembedwe pa tsamba lenileni lotseguka pa foni yotsika mtengo, PDF itsalire ofuna kusindikiza. M'kati mwa ofesi mubwerere mwambo wa rejisitire: njira imodzi yotchulira mafayilo, malo amodzi osungira, ndi munthu wophunzira ntchitoyo amene mawu ake amamveka ngakhale kwa bwana.

Ndipo mabungwe oyang'anira malamulo a chidziwitso, monga Malawi Human Rights Commission ndi anzake m'maiko oyandikana nawo, asamakhutire ndi kuwerenga kuchuluka kwa zikalata zimene ofesi yaika pa intaneti. Muyeso woona ndi wina. Anthu asanu otengedwa pa benchi apatsidwe foni wamba, bandulo yaing'ono ndi mafunso asanu amene ofesiyo imafunsidwa tsiku ndi tsiku. Mkulu wa ofesiyo akhale pambali, manja ali m'thumba, osaloledwa kulankhula kapena kuloza. Funso lililonse limene anthuwo alephera kulipezera yankho m'mphindi zisanu lilembedwe m'lipoti la chaka ngati pempho limene ofesiyo inakana.